Tsiku limene ndinasaka netiweki kwa apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la timibulu toyera tija timaikidwa m'zovala kuti njenjete zisadye, manyazi amandigwira. Ndipo ku Yofu kuli anthu amene akakumana nane panjira safunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji. Amangoti, "Aphunzitsi, yagwira?" kenaka n'kumapita akuseka. Nkhaniyi aifotokoza kale anthu ambiri, aliyense akuthirako mchere wake, ndiye ndati bola ndiinene ndekha, mwina ndingapulumutseko kaulemu kotsala.

Munali mu 2008. Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ntchito ya uphunzitsi inanditengera pachilumba cha Likoma. Chaka chimenecho ndinapita ku Mzuzu ku maphunziro a kompyuta a masiku ochepa, kumene tinaphunzira kuyatsa, kutayipa kalata, kuisunga, ndi kuzimitsa. Basi. Koma nditatsika sitima ndi satifiketi m'manja, anthu anayamba kunditchula kuti "aphunzitsi a makompyuta", ndipo ine sindinakane. (Kunena zoona ndinkathandizirako. Munthu akandifunsa za kompyuta ndinkayamba ndapuma mozama, n'kuyang'ana kumwamba, kenaka n'kunena kuti zimenezo n'zovuta kufotokozera munthu wamba.)

Nthawi imeneyo n'kuti mtima wanga uli pa Monika, telala wa ku Yofu, mudzi wina wa pachilumbapo, amene ankasoka mayunifolomu a ana a pasukulu pathu. Ndinamudziwa chifukwa cha buluku langa lina limene linang'ambika posayenera, ndipo iye analisoka osaseka ngakhale pang'ono. Ndinati mumtima, mkazi ndi ameneyu. Nditamufunsira, bambo ake, a Barnaba, sanaonetse vuto. Koma mawu omaliza anali ndi malume ake, a Augustino, mlongo wawo wa mayi ake, amene anali ku Joni kuyambira Monikayo asanabadwe.

A Augustino anakana kuvomera nkhaniyi pafoni. "Mawu amanama," anatero, "ine ndifuna nkhope." Anatumiza laputopu kudzera mwa munthu wina amene ankabwera kumudzi, ataikamo kale pulogalamu yoimbirana uku mukuonana. Anatchula Lamulungu lina masana kuti adzakhala pa kafe ya intaneti akudikira, chifukwa m'mawa mwake ankapita kukagwira ntchito ku famu ina yakutali kopanda zoterezi. Ngati nkhope yanga sioneka tsikulo, za ukwati zidikire mpaka iwo adzabwere okha kumudzi. Aliyense pa Likoma amadziwa kuti wa ku Joni akati "ndibwera chaka chamawa", ukhoza kudzala mango n'kudya zipatso zake iye asanatulukire. Ndipo anawonjezera mawu amene anandipha: "Poti mwati ndi wa makompyuta, sizimuvuta."

Intaneti yokha inalipo. Kabungwe kena kofufuza za nsomba kankachita lendi chipinda chimodzi m'nyumba ya a Barnaba. Anaimika dishi yokokera intaneti pabwalo, masola padenga, ndipo anali ndi kabokosi kamene kamamwaza netiweki m'nyumba monse popanda waya. Popita ku tchuthi anasiya mawu kuti banjalo likhoza kugwiritsa ntchito zonsezi, ndi pasiwedi yomwe anawasiyira. Ine ndinaona kuti ntchito yanga ingokhala kutsegula laputopu, kumwetulira, n'kupatsidwa mkazi.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa za ine. Ndinaleredwa ndi anthu amene nkhani ya apongozi saseweretsa. Kwathu, mayi a mkazi wako suwayang'ana kumaso, sudya iwo akuona, suwafunsa mafunso ngati mnzako wa kumpira, ndipo ukawaona akubwera m'njira umapatuka. Za kuchipinda kwawo ndiye usayerekeze n'kulota komwe. Ine malamulo amenewa ndinayamba kuwatsata tsiku lomwe ndinafunsira Monika. Tsiku lina nditawaona mayiwo akuchokera ku Chipyela ndi dengu pamutu, ndinalowa m'munda wa chinangwa wa eni ake n'kukhala momwemo mpaka atadutsa. Ndinkanyadira kwambiri khalidwe limeneli, ndipo ndinkakhulupirira kuti kunyumbako akundiyamikira.

Lamulungu lija litakwana, tinatuluka Misa, ine n'kuvala buluku langa lakuda la pamisonkhano (linkandithina pang'ono, koma linkandionetsa ngati munthu wa ku ofesi) ndi tayi. Nditafika ku Yofu ndinapeza pabwalo pali anthu ngati pa chinkhoswe. Mbiri inali itamveka kuti Augustino aoneka m'galasi, ndiye kunabwera nkhalamba zimene zinkasewera naye ali mwana, amayi ndi mikeka yawo, ndi ena ongokonda zaulere. Mayi a Monika atandiona analowa kuchipinda kwawo n'kukhala komweko. Ine ndinati, onani ulemu wake, tikumvana.

"Chopano aphunzitsi, yambani nchito," anatero a Barnaba, akundikokera mpando pabalaza. "Mlamu wanga sakonda kudikira."

Ndinatsegula laputopu, inayimba kanyimbo kake, anthu a pawindo n'kuwomba m'manja. Pansi pa sikirini, kukona, panali kachithunzi ka kompyuta kali ndi kamtanda kofiira. A Barnaba anawerama n'kufunsa ngati kamtandako kakutanthauza kuti makinawo ndi odalitsidwa. Ndinayankha kuti kakutanthauza kuti akuganiza. Ndinadina pofufuzira manetiweki, laputopu n'kundiuza m'Chingerezi chaulemu kuti palibe netiweki iliyonse pafupi.

Ku Mzuzu anatiphunzitsa mankhwala amodzi a matenda onse a kompyuta: zimitsa, yatsanso. Ndinazimitsa, ndinayatsanso. Kanyimbo, m'manja, kamtanda. Ndinabwerezanso. Ulendo wachitatu owomba m'manja anachepa, ndipo gogo wina pawindo anafunsa ngati Augustino ndi amene akuyimba kanyimboko.

Kenaka, ndikupapasa m'mbali mwa laputopu ngati munthu wosaka nsabwe, chala changa chinakhudza kabatani kotsetsereka. Nditakakankha, kagetsi kabuluu kanayaka. Abale, chimwemwe chake! Ndinaimirira n'kulengeza kuti vuto ndalipeza, kuti amene anatumiza laputopuyi anazimitsa mbali yogwira netiweki, ndipo kuti munthu wosaphunzira sakanazitulukira. Monika anandiyang'ana monyadira. Ndinakhala pansi, ndinadinanso pofufuzira paja, ndipo laputopu inabwereza mawu ake omwe aja: palibe netiweki. Akuluakulu sananame kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Apa m'pamene ndinakumbukira kabokosi.

"Monika, kabokosi ka abungwe kaja kali kuti?" ndinanong'ona.

"Kali kuchipinda kwa amayi."

Pa malo onse a m'nyumba imeneyi, kuchipinda kwa apongozi! Koma ndinadzilimbitsa kuti zilibe kanthu, pakuti netiweki siopa apongozi, imadutsa pakhoma. Ndinapempha Monika kuti akafunse ngati kabokosiko kali bwino. (Funso limene ndinkafuna kufunsa linali lakuti kodi n'kolumikizidwa ku magetsi, koma ndinaona ngati kufunsa choncho n'kuwanyoza mayi aakulu kuti sadziwa kusamala zinthu. Ndiye ndinalisalaza funsolo mpaka linatha mano.)

Monika analowa, anatuluka. "Akuti kali bwino kwambiri. Akuti ngakhale fumbi silinakakhudze."

Munthu wanzeru akanaima pa mawu a fumbiwo n'kuganiza. Ine ndinangogwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti vuto ndi khoma. Nyumba ya a Barnaba inamangidwa ndi miyala, makoma ake onenepa ngati a tchalitchi. Ndinanyamula laputopu n'kuigunditsa kukhoma la chipindacho. Palibe. Ndinaikweza m'mwamba, ndinaitsitsa pansi pafupi ndi chitseko, ndikuyang'ana kumbali kuti ndisaone za m'kati. Palibe. Pakona ya pabalazapo ndinaona waya wakuda wonenepa wochokera panja, atamupinda bwinobwino n'kumumanga ndi kansalu. Ndinayesa kulowetsa mutu wake m'mabowo onse a laputopu, sunalowe. Ndinauza a Barnaba kuti ameneyo ndi waya wa wailesi yakanema, alibe ntchito. Iwo anati alibe wailesi yakanema, koma sanalimbikire, poti ine ndinali ndi satifiketi.

Foni ya a Barnaba inalira uthenga. Anauwerenga mokweza, ataitalikitsa ndi maso: "Ndafika. Ali kuti munthu wanuyo?"

Ndinaganiza kuti ngati khoma ndi lonenepa, windo ndi lopyapyala. Ndinatuluka ndi laputopu, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, n'kukanjuta pansi pa windo la chipinda cha apongozi, makinawo nditawakweza pamwamba pa mutu. Sindinaganize n'komwe za mmene zinkaonekera. Ndinazindikira nditamva mayi wina amene ankapita kukatunga madzi akufunsa mnzake kuti, "Kodi mphunzitsi uja akusuzumira chiyani pawindo la make Monika?" Munthu yemwe ndinalowa m'chinangwa kuthawa apongozi, lero ndapezeka pansi pa windo lawo. Ndinadzambatuka n'kunamizira kuti ndikuyeza mphepo.

Zimene ndinachita pambuyo pake sinditha kuzifotokoza bwino, chifukwa mutu unali utaima. Ndikukumbuka kuti ndinayendayenda pabwalo laputopu ili patsogolo ngati mbale ya chopereka, gulu la anthu likunditsatira. Ndinaima pafupi ndi dishi, ndinaigogoda. Ndinakwera pamwala. Wina anakumbutsa kuti foni zimagwira bwino ukakwera pamtunda, ndipo ine, m'malo monena kuti zimenezo n'zosiyana, ndinayang'ana mtengo wa mango umene unali pakati pa bwalo. Ndinaika laputopu m'chikwama, chikwama kumsana, n'kuyamba kukwera ndi tayi yanga.

Ndipo m'mwambamo, pa nthambi yachiwiri, chozizwitsa chinachitika. Laputopu inapeza netiweki! Kamzere kamodzi kokha, kofooka, kokhala ndi dzina lachizungu limene sindinalimvepo. Ndinakuwa kuti, "Yagwira!" Pansi pananthunthumira ndi nthungululu. Ndinalemba pasiwedi ya abungwe ija, inakana. Ndinalemba ndi zilembo zazikulu, inakana. Ndinalemba dzina la Likoma, dzina la Monika, ngakhale dzina langa. Patapita nthawi ndinazindikira kuti netiwekiyo inali ya malo ena ogona alendo kutsidya kwa gombe, yosakhudzana ndi ife ngakhale pang'ono. Koma pofika apo n'kuti nyerere zofiira za m'mango zija zitapeza njira ya m'miyendo ya buluku.

Sindinagwe, izi ndikufuna zimveke bwino, chifukwa ena amati ndinagwa. Ndinatsika mofulumira. Laputopu inafika pansi yamoyo. Buluku ndi limene silinapirire: linang'ambika kuchokera kumbuyo mpaka m'munsi, ndi phokoso limene anamva ngakhale a kumapeto kwa mikeka. Monika anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi chitenje, ndinachimanga m'chiuno, ndipo iye anatenga bulukulo kudzera kuseri kwa chitseko kuti akalisoke. Ulendo uno anaseka.

Uthenga wachiwiri unafika. A Barnaba sanauwerenge mokweza. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Akuti mwini kafe wayamba kusesa."

Apa mantha enieni anandigwira. Ndinasiya kuganiza za ulemu wanga, ndinayamba kuganiza za Monika, za zaka zimene tingakhale tikudikira munthu amene sabwera, ndiponso za mnyamata wina wa boti la injini amene ankakonda kubweretsa malaya osang'ambika kuti Monika awasoke. Ndinabwerera pabalaza ndi chitenje changa, n'kukhuthula chikwama cha laputopu. Pansi pake panali waya wabuluu wautali. Uyu ndiye ndinamudziwa, ku Mzuzu makompyuta onse anali ndi waya wotere kumbuyo. Ndinalengeza kuti tasiya njira ya mumphepo, tayamba njira ya waya.

Mutu umodzi ndinaulowetsa mu laputopu, unalira kuti "tcha". Mutu winawo ndinaupereka kwa Monika, ndi malangizo akuti apemphe amayi, ngati sizingawavute, aulowetse pa kabowo kofanana nawo kumbuyo kwa kabokosi. Waya analowa pansi pa chitseko. Ndinamva kulira kwa chitsulo m'katimo, ngati chivundikiro chikutsegulidwa, kenaka n'kutsekedwanso, koma sindinalabadire, poti si bwino kutchera khutu ku za m'chipinda cha apongozi.

"Akuti alowetsa, ndipo walira tcha," anatero Monika.

Ndinayang'ana pa sikirini. Tsopano timitanda tofiira tinali tiwiri. Kachiwiriko kankanena kuti waya sanalumikizidwe. Ndinazula, ndinauzira mpweya m'kabowo, ndinalowetsanso. Ndinapempha kuti tisinthanitse mitu, wa kuno upite uko, wa uko ubwere kuno, ngati kuti waya ali ndi kumutu ndi kumchira. Chitsulo chija chinaliranso kawiri. Palibe chinasintha. Ndinapeza pena polembedwa kuti laputopu ikhoza kudzikonza yokha, ndinadina ndi chiyembekezo chonse, inaganiza kwa kanthawi, n'kundilangiza kuti ndifunse kwa woyang'anira netiweki. Ndinayang'ana uku ndi uku. Woyang'anira netiweki ndinali ine.

Ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi n'kuimbira mnzanga wina amene tinali naye ku maphunziro a ku Mzuzu, mnyamata wa ku Dedza yemwe anapitiriza zimenezi mpaka kuzidziwa. Ndinamufotokozera zonse monong'ona.

"Timagetsi ta kabokosiko tikuyaka tingati?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Sindinakaone."

"Tsiku lonseli ukukonza chinthu chimene sunachione? Pita ukaone!"

"Kali kuchipinda kwa apongozi."

Anamvetsa vuto langa, chifukwa nayenso analeredwa ngati ine. Kenaka anati, "Aaa, ndiye pepa achimwene. Akazi alipo ambiri." N'kudula foni.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza zinthu zasintha. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo mayi a Monika anali ataima pakati pa balaza, manja m'chiuno. Ndinatembenuka kuti ndithawe, koma pakhomo panali podzaza anthu. Ndinagwada pomwepo, maso pansi, ndipo m'pamene ndinaona kuti chitenje chimene ndinavala n'chofanana ndi mpango wa kumutu kwawo. Monika, mwa changu chake, anangotsomphola chimene chinali pafupi.

"Aphunzitsi," anatero mayiwo, mawu awo oyamba kulankhula kwa ine chiyambire, "ine sindijiwa kuti ndinakulakwirani chiyani. Mukandiona m'njira mulowa m'chinangwa. Mukabwera pano mulankhula ndi khoma. Lero mwanditsekera m'chipinda masana onse, kutuma mwana kuti lowetsani ichi, tulutsani icho. Mlongo wanga ndinamuona kalekale ndili ndi mano onse. Kodi ndimuona lero kapena ayi?"

Ndinayankha ndikuyang'ana simenti kuti kwathu ndi mmene timalemekezera apongozi.

"Ulemu?" anadabwa. "Ine ndimayesa mumandida! Ndalowa m'chipinda muja kuti mwina mukandiona nchito ikukanikani."

A Barnaba anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, pano mpa chilumba. Mukati muzithawa apongozi, muthawira kuti? Uku maji, uku maji. Ine apongozi anga ndinkakhala nawo benchi imodzi m'tchalitchi. Lowani mukaone chinthu chanucho."

Ndinalowa. Sindikudziwa ngati makolo anga anandikhululukira, koma ndinalowa, chowerama, maso ali pa waya wabuluu yekha. Wayayo anadutsa pansi pa chitseko, anadutsa m'mbali mwa bedi, anakwera pang'ono, n'kulowa pansi pa chivundikiro cha thiranki, bokosi lalikulu lachitsulo limene a Barnaba anabwera nalo kuchokera ku Bulawayo ali mnyamata. Mayiwo anatsegula. Fungo la timibulu ta njenjete linandimenya kumaso. M'katimo munali makapu a tiyi osamwerapo, nsapato zosavalapo, diresi la ukwati, ndipo pakati pa bulangete latsopano, kokutidwa bwinobwino ngati khanda, panali kabokosi ka netiweki. Waya wanga wabuluu anali atalowa pamalo pake penipeni. Waya wa magetsi anali pambali, atakulungidwa m'kapepala kake.

"Chinthu cha eni ake akakusiyira, umasunga," anatero mayiwo monyadira. "Tsiku lomwe anapita ndinachichotsa pabalaza paja. Ana a masiku ano amagwiragwira."

Ndinatembenukira kwa Monika. "Iwe unkaona kuti kali m'thiranki?"

"Eya. Zonse zabwino pano zimakhala m'thiranki. Ine ndimayesa mukujiwa, si inu a makompyuta?"

Nthawi inalibe malo a manyazi. Ndinanyamula kabokosiko n'kuthamanga nako pabalaza. Waya wakuda uja ndinamunena kuti ndi wa wailesi yakanema analowa kumbuyo kwake ngati kwawo (a Barnaba anatsokomola, koma sananene kanthu, Mulungu awadalitse). Ndinalumikiza ku magetsi a sola. Kagetsi kamodzi kanayaka, kenaka kachiwiri, kena n'kumaphethira. Timitanda tofiira tija tinachoka tokha, popanda ine kudina chilichonse, ndipo laputopu inayamba kulira ngati foni.

Pa sikirini panatulukira nkhalamba ya chipewa, ndevu zoyera, nkhope yokwiya, kumbuyo kwake munthu akukweza mipando pamatebulo. Mayi a Monika anakuwa, "Augustino!" n'kugwira sikiriniyo ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe. Nkhope yokwiya ija inasungunuka. Analira onse awiri, nkhalamba za pawindo zikuitana mayina awo kuti nazonso zimveke, ndipo kwa kanthawi aliyense anaiwala za ine. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndapulumuka.

"Nanga munthu uja ali kuti?" anafunsa a Augustino atapukuta maso.

Anandikhazika patsogolo pa kamera. Kuyambira m'chiuno kupita kumwamba ndinali bwino ndithu: malaya oyera, tayi, ndi tsamba limodzi la mango m'tsitsi. Ndinapereka moni mwaulemu wonse. Anandiyang'anitsitsa, akuyandikira mpaka mphuno yawo inadzaza sikirini.

"Nkhope ndaiona. Chopano imirira, ubwerere m'mbuyo, ndione msinkhu."

Ndinayang'ana Monika. Buluku linali likadali pa makina ake, mwendo umodzi uli lende. Ndinayang'ana kumwamba, sikunabwere thandizo. Ndinaimirira, n'kubwerera m'mbuyo, chitenje cha maluwa achikasu chili m'chiuno, masokosi ndi nsapato zakuda pansi pake. Ndipo netiweki ija, imene inakana kugwira masana onse, inasankha nthawi imeneyo kuti iume. Mawu ankamveka, koma a Augustino anatiuza kuti kwawoko chithunzi changa chaima chilili, sichikusuntha.

"Mlongo," anaitana patapita kanthawi, "chitenje chimenecho si chija ndinakutumizira pa Khirisimasi?"

"N'chomwecho."

"Ndipo ameneyu ndi amene afuna mwana wathu?"

"Ndi yemweyu."

"Iwe wamuona bwanji?"

Mayi amene ndinawathawa miyezi yonseyi, amene ndinawatsekera m'chipinda, amene ndinanjuta pansi pa windo lawo, ndi amene anagwira moyo wanga m'manja. Anandiyang'ana kuyambira ku tsamba la mango mpaka ku masokosi.

"Za makompyuta sajiwa," anatero, bwalo lonse likumva. "Koma munthu amene alolera kukwera mumtengo n'kulumidwa ndi nyerere chifukwa choopa kundifunsa funso limodzi, ameneyo sangamutukulire dzanja mwana wanga. Ngopusa pang'ono, koma tidzamuphunzitsa."

Kuseka kwa a Augustino kunafika modukaduka, ngati injini ya boti ikamakana kulira. Kenaka tinamva akuti, "Mpatseni. Koma chitenje abweze." Atangotero mwini kafe anazimitsa makina ake, ndipo sikirini inada.

Tinakwatirana chaka chotsatira. A Augustino sanabwere ku ukwati, ndipo mango amene ndinadzala chaka chimenecho tayamba kale kudya. Dzina la "aphunzitsi a makompyuta" linafa tsiku lomwelo, m'malo mwake munabwera lina lokhudza chitenje limene sindilemba pano. Pa phwando la ukwati a Barnaba anakumbutsa anthu kuti safunsa anadya phula, onse n'kutembenukira kwa ine, ndipo ndinalonjeza poyera kuti ndaphunzira.

Apongozi anga tsopano ndi okalamba, ndipo timakhala nawo nyumba imodzi, thiranki yawo anabwera nayo. Timacheza, timadyera pamodzi, amanditchula kuti mwana wawo. Koma sabata yatha ndinagula tchaja yatsopano ya foni, yokongola, ikadali m'pepala lake, ndipo ndinaisiya patebulo. Sikuonekanso. Ndikudziwa bwinobwino kumene ili, ngakhale fumbi silikuikhudza. Foni yanga yazima kuyambira Lachitatu, Monika anapita ku Nkhata Bay kukagula nsalu, ndipo ine ndikudikira sitima imubweretse kuti adzandifunsire.